Ndinakapepesa Maliro a Mjapani

Tatsekani chitseko cha kukhitchinicho, mphepo ikulowa. Iwe Yamikani, foniyo ika patebulo, siithawa. Tadala, sendera kuno, makutu anga ndiwo anatha koma pakamwa pakadali bwinobwino. Mwafukula m'kabati mwanga ngati nkhuku padzala, mwapezamo malaya oyera okhuthala aja, ndiye mukunong'onezana m'Chingerezi chanucho kuti kodi agogo anali ophika buledi. Ndakumvani. Sekani ndithu. Amenewo ndi malaya a judo, masewera ogwetsana a ku Japan, ndipo ine agogo anu, mkulu wa mpingo, mphunzitsi wakale wa ku Dowa, ndinawavalapo mutu uli mbuu ndi imvi. Koma kuti mumvetse, tiyambire patali pang'ono.

Ine imfa sindiiopa. Ndaperekeza anthu ambiri kumanda, ndikudziwa kuti njira ndi yomweyo. Chimene chimandiopsa n'chimodzi chokha: kukhala m'nyumba muli zii, wopanda munthu wobwera kudzakhala nawe. Kudzangokhala basi. Inu obadwira kuno simuzidziwa zimenezi, munthu akagogoda pachitseko mumayamba mwafunsa kuti akufuna chiyani.

Kwathu kwa Mponela, munthu akamwalira uthenga sunkadikira foni. Ankatuma anthu pa njinga, ena wapansi, kukauza midzi yonse yoyandikana, ndipo achibale akutali ankamvera pa wayilesi, pa mauthenga achisoni paja. Wayilesi yake ya mabatire, mabatirewo akafooka tinkawayanika padzuwa kuti abwerere mphamvu, musandifunse ngati zinkathandiza. Pamsewu ankayalapo masamba aawisi. Wapanjinga akawaona ankatsika n'kumaikankha, wachipewa ankavula. Ukaona masamba sunkafunsa kuti wamwalira ndani, kapena ngati unkamudziwa. Unkapatuka n'kukakhala pansi. Amayi m'nyumba, miyendo ili tambalale, abambo panja pamthunzi. Wina abwera ndi nkhuni, wina kaufa m'lichero, wina kashuga m'kapepala. Woferedwa sankasiyidwa yekha ngakhale popita kukasamba. Maliro akaikidwa, ena ankatsalira sabata yathunthu, osachita chilichonse chooneka. Maliro n'kulirana, timatero kwathu.

Agogo anu aakazi, Anabanda, ndiwo anatsogola kubwera kuno, nthawi ija manesi ambiri ankachoka kwathu. Ine ndinatsatira pambuyo nditasiya choko. Kwathu ndikalowa m'kalasi ana ankaimirira onse, kuno ndinagwira mopu. Walira mvula walira matope, sindinadandaule. Tinkafika panyumba tonse otopa, iwo kuchokera ku wodi, ine kokolopa, n'kumakangana za mchere wa m'ndiwo. Moyo unkayenda.

Anatisiya mu 2013, mwezi wa Novembala. Iwe Tadala unali ndi zaka khumi, tsiku loika maliro unalira kwambiri, koma ine ndikudziwa kuti theka la misoziyo inali ya nsapato zimene zinkakuthina. Amalawi anzathu anabwera, ndisaname. A ku Salford kwanuko, a ku Newcastle, ena mpaka ku Leeds. Anadzaza nyumba ino Loweruka, tinaimba nyimbo mpaka mawindo anachita thukuta. Koma pofika Lamlungu masana aliyense anali akuba maso kuyang'ana wotchi. Shifiti ya kuntchito. Kuno shifiti siidziwa maliro. Amayi anu anakhala masiku asanu, kenako ntchito inawaitana, inunso sukulu. Anandichonderera kuti ndisamukire kwanu, ine ndinakana. Ndinati manda a mkazi wanga ali kuno ku Middlesbrough, ndani azikazula udzu? Komanso ndine wamakani, amayi anuwo anatengera ine.

Anansi anga a mumsewu uno si anthu oipa ayi. Koma ulemu wawo ndi wina: akuti munthu wolira umamupatsa mpata. Ndinkakhala pomwe pano, n'kumva kabowo ka makalata ka pachitseko kakuti khwa! Ndinkathamanga kukatsekula, n'kungoona msana wa munthu akuwoloka msewu mwachangu. Pansi pali khadi lojambulidwa maluwa oyera. Anakwana khumi ndi anayi, ndinawandandalika pawindo apo. Khadi silitsokomola, ana inu. Silikufunsa ngati wadya. M'mawa ndinkayatsa hita, kuwiritsa madzi a tiyi a anthu awiri mwachizolowezi, ena n'kutaya. Panali sabata zina zimene munthu yekhayo amene ndinalankhula naye anali dalaivala wa basi, ndipo nkhani yathu yonse inali "zikomo". Ndinasungulumwa koopsa. Ndiye ndinalumbira mumtima kuti ndikadzamva maliro pafupi ndi ine, kaya ndi a mzungu, kaya a mmwenye, woferedwayo sadzalira yekha ine ndilipo.

Nthawi imeneyo ndinkakolopa m'holo ina yakale m'tauni, imene anthu ankabwereka zipinda zake, ena zovinira, ena zamisonkhano. Tsiku lina Lachiwiri, mu Febuluwale chaka chotsatira, cha m'ma 5 koloko, ndinakwera masitepe ndi ndowa yanga kupita ku chipinda cham'mwamba, chimene chinakhala chotseka miyezi yambiri. Pakhomo ndinapeza nsapato zitandandalikidwa bwinobwino. Nsapato kuvulidwa pakhomo, kuno ku Mangalande! Ndinasuzumira.

Munali anthu ngati khumi ndi awiri, akulu ndi ang'ono, onse ovala zoyera, atagwada pamzere, maso atatsinzina, chete wosamva n'kupuma komwe. Pakhoma panali chithunzi m'felemu yakuda: nkhalamba yovala mkanjo wakuda, ndevu zapamlomo zoyera, maso akuthwa. Pansi pa chithunzicho panali katebulo, pakatebulopo kanthambi kamasamba aawisi m'botolo. Masamba, ana inu! Kutsogolo kunagwada mzungu wachikulire wadazi, makutu ake opindika ngati bowa wouma. Ananena mawu amodzi, onse anatembenukira chithunzi chija n'kuwerama mpaka chipumi kugunda pansi. Podzuka, mzungu uja ndinamuona akupukuta m'maso ndi dzanja la malaya. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti anali mawondo amene ankamupweteka, koma tsiku limenelo ine ndinaona misozi.

Mukanakhala inu mukanati chiyani? Ine ndinati awa ndi maliro. Ndinaika ndowa pansi, kuvula nsapato zanga, mwamwayi masokosi anali osabooka, n'kulowa. Ndinakakhala pafupi ndi chitseko, msana kukhoma, miyendo tambalale, mutu pansi.

Posakhalitsa anayamba kugwirana m'makolala n'kumagwetsana, phii! phii! Musandiyang'ane choncho, sindine wopusa, ndinadziwa kuti ndi masewera. Ifenso tinkagwetsana kubusa, pamchenga wa kudambo, ng'ombe zikudya mmera wa eni. Koma ndinaganiza kuti nkhalamba ya pachithunziyo ndi mphunzitsi wawo, wamwalira masiku omwewo, ndipo akumulira ndi masewera ake omwe. N'chachilendo chimenecho? Kwathu pamaliro ena pamatuluka gule, Angoni amavina ngoma fumbi kobo. Mtundu uliwonse uli ndi kaliridwe kake. Ndinakhala maola awiri athunthu, matako mpaka kuchita dzanzi. Mzungu uja anandiyang'ana kangapo, n'kugwedeza mutu, inenso n'kugwedeza wanga mwachisoni. Atamaliza ndinatuluka mwakachetechete, chifukwa tsiku loyamba suvutitsa woferedwa ndi mawu.

Lachiwiri lotsatira ndinavala jekete ndi tayi pansi pa yunifolomu. M'jumbo ndinaikamo shuga, masamba a tiyi, buledi ndi mkaka wam'chitini. Ndinakhalanso pamalo panga paja mpaka onse anapita, mzungu uja n'kutsala yekha akupinda lamba wake wakuda wothetheka. Ndinayandikira, kunjuta, n'kupereka jumbo lija ndi manja awiri.

"Pepani bambo ndi zovutazi," ndinatero. "Ndamva mochedwa. Ndine Mbewe, wokolopa muno."

Anayang'ana jumbo, n'kuyang'ana ine. "Ine ndine Dereki. Zovuta zanji, bambo Mbewe?"

Ndinaloza chithunzi ndi dzanja lonse, paja wakufa salozedwa ndi chala. "Akuluwa. Anadwala nthawi yaitali?"

A Dereki anayang'ana chithunzicho. Kenako anaseka. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, mpaka chifuwa chinawatsamwa. "Bambo Mbewe, munthu uyu anamwalira ine ndisanabadwe! Nkhondo yachiwiri ija inali isanayambe n'komwe. Ndiye anayambitsa masewerawa, ku Japan. Timamuweramira tsiku lililonse tikamayamba."

Ha! Manyazi amene ndinachita, ndinalakalaka pansi patang'ambika. Safunsa anadya phula. Ine mphunzitsi wa zaka makumi awiri ndi zisanu, kukapepesa maliro a zaka zoposa makumi asanu ndi awiri! Ndinati nditole jumbo langa ndizipita, koma iwo analigwira.

"Ayi, musapite nalo. Pansipa pali ketulo. Tandiuzani, n'chifukwa chiyani munakhala maola awiri pamaliro a munthu amene simumudziwa?"

Tinamwa tiyi m'kachipinda kanga kosungira mopu, iwo atakhala pandowa yovundikira. Ndinawafotokozera za masamba a pamsewu, za kukhala pansi, za Anabanda, za makhadi khumi ndi anayi. Kuseka kuja kunawathera. Anayang'ana m'kapu n'kunena kuti, "Mkazi wanga anamwalira zaka zinayi zapitazo. Mwana wanga ali ku Australia. Makhadi anga ali m'bokosi la nsapato."

Kuyambira pamenepo Lachiwiri linakhala tsiku langa. Ndinkakolopa pansi mofulumira, kukwera m'mwamba, kukhala pakhoma panga, ana a judo aja mpaka anandizolowera ngati mpando. Akapita, ife awiri tiyi. Poyamba ndinali ndi nkhawa, paja ndine mkulu wa mpingo: kodi kuweramira chithunzi si kupembedza fano? Ndinawafunsa mosabisa. Iwo anati, "Kodi kwanu mphunzitsi wanu wakale akamadutsa simumuvulira chipewa?" Ndinati timavula, ena timaombanso m'manja. Anati basi, n'chimodzimodzi. Ine sindinaweramepo mpaka chipumi pansi, ndinkangotsitsa mutu, ndipo iwo sanandikakamize.

Pa tiyi pamenepo ndipo anandiuza mbiri ya mkulu uja, pang'onopang'ono, sabata ino kachidutswa, sabata yamawa kena. Dzina lake mukalifufuze pafoni panupo, ine ndinkangomutchula kuti Mkulu wa Pakhoma. A Dereki anagwira ntchito moyo wawo wonse m'fakitale ya zitsulo, sanali munthu wa mabuku, koma mbiri imeneyi ankaidziwa ngati ya bambo awo owabereka.

Akuti mkuluyu anabadwira m'banja lopeza bwino, m'mbali mwa nyanja. Amayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo bambo ake anamutengera ku mzinda waukulu kuti akaphunzire. Pamenepa ndinaimitsa kapu, chifukwa inenso amayi anga anandisiya ndili mu Sitandade 2, ndipo ndikudziwa mmene mwana wamasiye amakhalira pakati pa anzake, kuseka nawo koma maso ali kwina. Mkulu uja mutu unali wakuthwa, koma thupi linali lochepa, kamunthu kowonda. Anzake kusukulu ankamuzunza. Iwe Yamikani ukudziwa zimene ndikunena, usayang'ane pansi, amayi ako anandiuza zonse za chaka chijachi.

Ndiye mkulu uja anafuna kuphunzira luso lakale la kwawo lomenyanirana popanda chida, limene akuti munthu wochepa amatha kugwetsa nalo chimphona. Koma nthawi imeneyo dziko lawo linali litatengeka ndi za azungu, zakale ankaziona ngati zachikale zopanda ntchito, monga mmene inu mumaonera nkhani zangazi. Akatswiri a lusolo ambiri anali atalisiya, ena n'kusanduka owongola mafupa a anthu othyoka. Bambo akenso poyamba sankafuna. Iye sanagwe mphwayi, anayenda khomo ndi khomo kwa owongola mafupa aja kufunsa amene angamuphunzitse, mpaka anamupeza. Kuphunzira kwake kunali kugwetsedwa, kudzuka, kugwetsedwanso. Pasanathe zaka zambiri mphunzitsi uja anamwalira. Anapita kwa wachiwiri, nayenso anamwalira. A Dereki ankanena zimenezi mongodutsa, kuthamangira kokagwetsana. Ine ndinkawabweza. Ndinkati taimani kaye, munthuyu waika amayi ake, waika aphunzitsi awiri, ndevu zisanamere bwino, ndani ankakhala naye? Iwo ankati, "Bambo Mbewe, inu nkhani iliyonse mumaifunafuna maliro."

Ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri zokha anayambitsa sukulu yakeyake, m'kachipinda kobwereka pa kachisi wina wa chipembedzo cha kwawo. Mphasa khumi ndi ziwiri, ophunzira osakwana khumi. Akuti akamagwetsana pansi pa matabwa pankathyoka, iye mwini n'kumakwawira kunsi kukakonza. Ndinaseka, chifukwa ndinakumbuka sukulu yanga yoyamba kuphunzitsa, denga la udzu, ana atakhala pa njerwa, masileti osweka, inki yosungunula tokha m'botolo. Mvula ikabwera kuchokera kummawa tinkasamukira kumadzulo kwa kalasi. Inu mumadandaula intaneti ikachedwa.

Chimene chinandikondweretsa n'chakuti munthuyu sanali wandewu. Anachotsa njira zopweteka ndi zopha, n'kusiya zimene anthu angasewere popanda kuvulazana. Ankaphunzitsa kuti mnzako akakukankha usalimbane naye, umutsate komwe akupita, mphamvu zake zomwe zimugwetsa. Ndiponso kuti awiri ogwiranawo onse apindule, wogwetsa ndi wogwetsedwa. Ndipo ntchito yake yeniyeni, ana inu, inali uphunzitsi. Choko! Anakhala mkulu wa sukulu yophunzitsa aphunzitsi zaka zambirimbiri. Nditamva zimenezo ndinakwera m'mwamba kukachiyang'ananso chithunzi chija, ndipo ndinaona kuti eya, awa ndi maso a munthu amene wagwira mwana akuonera mayeso.

Za imfa yake anandiuza tsiku lina kunja kukugwa mvula yawo yosatha ija. Akuti atakalamba ankayendabe maiko akutali pa ntchito za masewera. Pobwerera kwawo pa sitima yapamadzi, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi ziwiri, chibayo chinamugwira. Anamwalira pakati pa nyanja, kutatsala masiku awiri okha kuti afike kwawo. Munthu wa ophunzira ochuluka chotero, kufera m'kachipinda kogwedezeka, kutali ndi mkazi wake, kutali ndi ana ake. Ndinafunsa kuti pambali pake panali ndani. A Dereki anati sakudziwa, mwina a m'sitimamo ndi apaulendo anzake. Nkhani imeneyo inandikhala pamtima sabata yonse. Ndinkakolopa n'kumaganiza kuti nanenso ndili pa sitima yotero, kwathu ndinachokako, kuno sindinafike. Ndinawauza a Dereki kuti chipepeso changa chija sichinalakwike, chinangochedwa. Tsiku limenelo sanaseke.

Zaka zinapita. Ntchito zitatha m'tauni muno mabanja ambiri anasamuka, ana ena anakula, ena anakopeka ndi mpira. Ophunzira a judo khumi ndi awiri aja anatsala asanu ndi mmodzi, kenako atatu. Lachiwiri lina m'nyengo yozizira ya 2016 ndinakwera masitepe, pakhomo n'kupeza nsapato za munthu mmodzi. A Dereki anali atagwada okha pakati pa chipinda, atavala zoyera zawo, akuyang'ana chitseko. Tinadikira theka la ola. Sikunabwere munthu.

"Wothamanga amathamanga yekha," anatero. "Wonyamula zitsulo amanyamula yekha. Koma izi, popanda mnzako palibe chimene ungachite." Anatsekula chikwama n'kutulutsa malaya mwawapezawo. "Tavalani, bambo Mbewe."

Ndinati, "Inu a Dereki, mukufuna mundiphe? Mafupa anga ndi mapesi."

"Sindikugwetsani. Tingoyenda."

Ndinavala pamwamba pa yunifolomu, iwo n'kundimanga lamba woyera m'chiuno ngati akuveka mwana. Anandionetsa pogwira, dzanja lamanja pakolala pawo, lamanzere pamkono. Nawonso anandigwira chimodzimodzi. Tinayamba kuyenda, iwo kutsogolo ine chambuyo, kenako kusinthana, mapazi akukhwekhwereza pamphasa. Nkhalamba ziwiri kuzungulira chipinda ngati zikuvina dansi ya kale. Wina akanasuzumira akanaitana ambulansi.

Tili mkati moyenda ndinazindikira chinthu. Chimwalirireni Anabanda, kupatula moni wa m'manja wa kutchalitchi ndi inu mukabwera pa Khrisimasi, panalibe munthu amene anandigwirapo. Zaka zitatu. Dzanja la mzungu uja linali pachifuwa panga, lolemera, lofunda, ndipo ndikasuntha linkasuntha nane. Ndinalira, ana inu. Ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi, kulira kumene sindinalire pamaliro paja chifukwa ndinali wotanganidwa kulandira alendo. A Dereki sanandifunse kanthu, sanandisiyenso. Anangopitiriza kuyenda nane mpaka kulira kunatha kokha.

Pambuyo pake anandiphunzitsako kugwa, kuti chibwano chizikhala pachifuwa ndipo dzanja lizimenya mphasa. Kugwetsa munthu ndiye sindinaphunzire, ndipo lamba wanga sanasinthe mtundu. Ana akabwera ndinkabwerera pakhoma panga. Akapanda kubwera, tinkayenda.

Mu 2018 a Dereki anayamba kuwonda. Mapapo, fumbi la m'fakitale la zaka zonse zija. Atawagoneka kuchipatala ndinkakwera mabasi awiri masana aliwonse. Ndinalibe mankhwala, ndinalibe nkhani. Ndinkakoka mpando n'kukhala. Iwo ankagona, kudzuka, kundiona, n'kugonanso. Tsiku lina nesi wachitsikana anandifunsa mwaulemu ngati ndine wachibale, popeza khungu silinkagwirizana. Ndisanayankhe, a Dereki anachotsa chopumira chimene anawaika pakamwa n'kunena kuti, "Musiyeni. Wabwera kudzakhala. Kwawo amatero." Nesi atapita ananditembenukira. "Bambo Mbewe, mwambo wanu ndi wabwino, koma uli ndi vuto limodzi. Mumadikira munthu afe kaye." Ndinafuna kuwatsutsa, kuwauza kuti kwathu odwalanso timawazonda. Koma ndinaona kuti atopa, ndinangowakonzera pilo.

Anamwalira mu Okutobala. Maliro ngati amenewo, ine sindinaonepo. Kumalo kootchera mitembo kuja, anthu tinalipo khumi ndi mmodzi. Nyimbo ya pa makina, mawu pang'ono, nsalu n'kutsekeka yokha, basi, tulukani, ena akudikira panja. Nthawi yake siikwana n'kuphika nyemba komwe. Mwana wawo wa ku Australia uja anandigwira chanza, munthu waulemu ndithu, anati bambo ankakutchulani. Ndinamufunsa kuti tikakhala kuti. Sanandimve. Anati ali ku hotela, ndege yake ndi ya mkuja.

M'mawa mwake ndinapitabe kunyumba kwa a Dereki. Ndinkadziwa kuti n'kokhoma, koma miyendo inangonditengera. Makatani otseka, pakhomo pali zii. Panalibe mphasa, panalibe mthunzi, panalibe woti ndimuuze pepani. Ndinakhala pa kampanda ka njerwa ka kutsogolo kwa nyumbayo, chipewa m'manja. Anthu ankadutsa ndi agalu awo. Mayi wina woyandikana nawo anandisuzumira pawindo kawiri, kachitatu anatuluka n'kundifunsa ngati ndasochera, kapena ngati pali wina woti amuimbire foni adzanditenge. Ndinati ayi mayi, ndili pamaliro. Anayang'ana nyumba yokhomayo, n'kundiyang'ana ine, n'kubwerera m'nyumba mwake. Ndinakhala mpaka dzuwa linapendeka, kuzizira kutandilowa m'mafupa, kenako ndinakakwera basi.

Chipinda cham'mwamba chija tsopano amachitiramo zina. Chithunzi anachitenga wophunzira wawo wina wakale wa ku Newcastle. Ine ntchito ndinasiya chaka chomwecho, mawondo anakana masitepe. Lachiwiri linabwerera kukhala tsiku wamba, lofanana ndi Lolemba, lofanana ndi Lachitatu. Amayi anu amaimba foni Lamlungu lililonse, sindikuwanena ayi, amagwira ntchito usana ndi usiku chifukwa cha inu. Inunso mumanditumizira tizithunzi toseketsa pafoni, ndimationa, tina sinditimvetsa. Koma foni ikatsekedwa nyumba ino imakhala zii kuposa poyamba. Ndikunena mosabisa, ndimasungulumwa. Munthu wamkulu sayenera kunena zimenezi kwa ana, koma ndikapanda kunena ndani akuuzeni?

Basi, ndalongolola mokwanira. Taonani nthawi, sitima yanu ya ku Manchester siidikira munthu. Malayawo bwezerani m'kabati, muwapinde bwino, manja mkati. Yamikani, tenga jekete lako, mbatata zili m'jumbomo ukawapatse amayi ako, usakaziiwale m'sitima ngati ulendo watha uja.

Nanga iwe Tadala, bwanji sukudzuka? Nsapato zako zili pakhomo apo. Wati chiyani? Kweza mawu, ndipo unene m'Chichewa, ndikudziwa umatha.

"Nditsala."

Utsala kuchita chiyani? Muno mulibe intaneti yothamanga, TV yake ndi imeneyi, ndiwo ndi za dzulo.

"Kungokhala, agogo."

Oo.

Chabwino. Yamikani, ukawauze amayi ako kuti mlongo wako abwera mawa masana, ndidzamukweza ndekha sitima. Pita bwino, mwana wanga, uchenjere powoloka msewu.

Iwe Tadala, choka pakapetipo, pansi pakuzizira. Chotsa nyuzipepala zili pampando wapawindowo, uziike apa. Eya, umenewo. Ndi wa agogo ako aakazi. Chichokereni iwo, sunakhalidwepo ndi munthu.